Injini Yokalamba: Kuikonza Kapena Kuikamo Ina?

Ku Britain, ku America ndi ku maiko ena a ku Ulaya kuli anthu ambiri amene amasunga magalimoto akale monga momwe ena asungira ng'ombe za mtundu wabwino. Amene akondedwa koposa ndiwo magalimoto aja aliwiro, aafupi msinkhu, a mipando iwiri kapena inai, amene denga lao limapindika kuti woyendetsa amve mphepo. Bungwe la FIVA, limene ligwirizanitsa osunga magalimoto otere m'maiko ambiri, limati galimoto iyenera kukhala itatha zaka 30 kuti iwerengedwe ngati ya mbiri. Tsono cinthu ca zaka 30, kapena 50, sicikhala copanda matenda. Tsiku limafika lakuti injini iyamba kutulutsa utsi, kumwa oilo ngati madzi, ndi kugogoda monga m'kati mwace muli munthu wosula makasu. Pamenepo mwini wace aima pa mphambano: aiphwasule injiniyo ndi kuikonzanso, kapena aicotse ndi kuikamo ina.

Munthu woyang'ana patali angati nkhani iyi ndi ya ndalama cabe, yoyenera kuweruzidwa ndi makaniko ndi pensulo yace. Ndalama zirimodi, ndipo si zocepa ai. Koma makaniko akatha kuwerengera mitengo yonse iwiri, mumtima mwa mwini galimoto mumatsalabe mafunso amene pensulo singathe kuwayankha. Kodi galimoto yosinthidwa injini ikali galimoto yomwe ija? Nanga munthu amene anagula cinthu cakale ndi ndalama zace-zace ali ndi ufulu wocita naco ciri conse cimene afuna?

Poyamba nkofunika kudziwa cimene cicitika pokonza injini. Makaniko amaitsitsa m'galimoto, naiphwasula kufikira kacitsulo kotsiriza. Cigawo cacikulu, cimene amisiri amacicha buloko, amacitsuka ndi kucifufuza ngati ciri ndi ming'alu. M'buloko muli mabowo ochedwa masilinda, m'mene mapisitoni amakwera ndi kutsika nthawi zikwi zingapo pa mphindi imodzi. Popita zaka mabowowo amadyeka nakhala osalingana; motero amawapala ndi makina, kuwakuza pang'ono pokha, kawiri-kawiri ndi magawo 20 mwa magawo 1,000 a inchi, ndi kuikamo mapisitoni atsopano okulirapo. Mtanda wokhota-khota umene mapisitoni amauzunguza, ndiwo crankshaft, nawonso amaupala kuti usalale. Mitu ya injini ikakhala itapindika ndi kutentha amaisenda kuti ikhalenso yosalala. Mavavu otha, maberingi, magasiketi ndi unyolo, zonsezi amazitaya naikamo zatsopano.

Woganiza bwino adzaona kuti kukonza kotere sikubwezera injini ku ubwana wace. Kupala kuli konse kumadya citsulo cimene sicidzabweranso, ndipo buloko likapalidwa kangapo makoma ace amapyapyala, kotero kuti amisiri amayenera kulowetsa timipope ta citsulo m'mabowomo kuti mapisitoni apezenso poyenda. Ndiponso injini yokonzedwa ija, imene mwini wace ainyadira kuti ndi yeni-yeni ya ku fakitale, yadzala ndi zitsulo zimene fakitaleyo sinazione konse. Zakale zotsala ndi buloko, mitu, crankshaft, ndi nambala imene inadindidwa pa buloko tsiku lija injini inapangidwa. Motero wokonza ndi wosintha sali otalikirana monga momwe iwo eni aganizira. Onse awiri acotsa zakale naika zatsopano. Asiyana pa kuculuka kwace.

Bvuto limeneli ndi lakale kuposa magalimoto. Mlembi wa Cigriki dzina lace Plutarch, amene anakhala ndi moyo zaka pafupi-fupi 1,900 zapitazo, anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa imene ngwazi yao Theseus anabwerera nayo kucokera ku cisumbu ca Crete. Thabwa likaola anali kulicotsa ndi kukhomapo lina, kufikira anthu anzeru anayamba kutsutsana, ena nati ngalawa ndi yomweyo, ena nati ndi ina. M'caka ca 1655 Thomas Hobbes wa ku England anaonjezapo funso lobvuta koposa: nanga munthu wina akadatola matabwa akale onse aja, nawasunga, namanga nawo ngalawa yaciwiri, ya Theseus ikadakhala iti? Ngakhale kumudzi funsoli likhoza kubuka. Munthu amati, khasu ili anandisiyira agogo, cikhalireco mpini wasinthidwa kasanu; ndipo palibe amene amamuyesa wabodza, pakuti onse adziwa m'mene khasulo layendera kucoka m'manja mwa agogowo kufikira lero.

Nkhani iyi imveka bwino ikakambidwa pa galimoto imodzi yodziwika. M'caka ca 1970 kampani ya Triumph, ya ku Coventry ku England, inatulutsa galimoto yochedwa Stag. Maonekedwe ace anajambula ndi mmisiri wa ku Italy, Giovanni Michelotti, ndipo anthu anabvomerezana kuti inali yokongola. Inali ya mipando inai ndi denga lopindika. Injini yace inali ya malita 3, ya masilinda 8 oikidwa m'mizere iwiri yopendekeka ngati cilembo ca V. Ikalira, liu lace linali lokoma kumva. Koma sipanapite nthawi, mbiri yoipa inayamba kuwanda yakuti injini ya Stag imatentha ndi kufera m'njira.

Zifukwa zace zidziwika bwino lero. Pampu ya madzi ozizitsa inaikidwa pamwamba, pakati pa mizere iwiri ya masilinda, kotero kuti madzi akacepa pang'ono cabe pampuyo inali kuzungulira pouma. M'mabuloko ena munali kutsalira mcenga wa m'cikombole coumbiramo citsulo, ndipo mcengawo unali kutseka njira za madzi ndi rediyeta. Buloko linali la citsulo, koma mitu inali ya aluminiyamu. Ziwirizi zikakhala pamodzi m'madzi opanda mankhwala oletsa dzimbiri zimadyana, ndipo eni ambiri, posadziwa, anali kuthiramo madzi wamba. Mitu ikatentha inali kupindika, ndipo ena mwa mabauti oimanga, popeza analowa copendekeka, anali kukanirira osafuna kucoka, makaniko nacita nawo thukuta tsiku lathunthu. Unyolo woyendetsa mavavu unali wautali ndi wa mzere umodzi. Unali kutanuka msanga, nufunika kusinthidwa pa mailosi 25,000, ndipo ukangodumpha mano mavavu anali kugundana ndi mapisitoni. M'caka ca 1973 analeka kugulitsa Stag ku America, ndipo mu 1977 analekeratu kuipanga, atapanga magalimoto pafupi-fupi 26,000.

Eni ambiri a masiku amenewo, atatopa ndi kukokedwa pa msewu, anasankha njira yaciwiri. Ena anaikamo injini ya Rover ya malita 3.5, nayonso ya masilinda 8, yopepuka ndi yolimba. Codabwitsa ncakuti injini imeneyi inali ya m'nyumba imodzi-modzi, pakuti kuyambira 1968 Rover ndi Triumph onse anali pansi pa kampani ya British Leyland. Koma Triumph anaumirira kupanga yaoyao. Ena anaikamo injini ya Ford ya masilinda 6, ena ya Triumph yomwe ya masilinda 6 yocokera m'magalimoto ena. Injini zocotsedwazo zambiri zinapita kwa ogula zitsulo zakutha, nizisungunulidwa.

Pambuyo pace zinthu zinatembenuka. Okonda Stag anapanga bungwe lao, nayamba kuuzana nzeru. Amisiri ena anadzipereka pa galimoto imeneyi yokha. Anapeza kuti buloko likatsukidwa bwino m'kati, rediyeta ikakhala yabwino, mankhwala oletsa dzimbiri akakhala m'madzi caka conse, ndiponso oilo ndi unyolo zikasinthidwa pa nthawi yace, injini ija yonyozeka imayenda mailosi ambiri osabvuta. Matenda ace ambiri anali ocizika. Cinasowa cinali cidziwitso ndi kudekha. Tsono mtengo unasintha: Stag ya injini ya Triumph inayamba kugulidwa ndi ndalama zambiri kuposa ya injini yacilendo, ndipo anthu anayamba kucotsa injini za Rover ndi za Ford, nayenda-yenda kufuna zimene anzao anataya kudzala.

Nkwapafupi kuseka anthu aja oyamba ndi kuwacha oononga. Koma kutero nkusaweruza bwino. Munthu wa m'caka ca 1980 sanali kusunga cuma ca mbiri. Anali ndi galimoto yogula kwa wina, yakufa pakhomo, ndipo mawa lace anali kufunika ku nchito. Akadapanda kuikamo injini ina, galimoto yonse ikadapita kukaphwanyidwa, thupi ndi mipando yomwe. Magalimoto ambiri amene lero abwezeredwa injini ya Triumph ali ndi moyo cifukwa injini yacilendo inawanyamula pa zaka zao za umphawi. Ndiponso pali malire amene cikondi ca zitsulo siciyenera kulumpha. Bambo amene atenga ndalama za sukulu ya ana ace kukapalitsa buloko, kuti anzace amtame pa cionetsero, sanacite cinthu ca ulemu, ngakhale nambala zace zonse zikhale zogwirizana.

Ngati panali kulakwa mwa anthu aja, kunali pa kutaya, osati pa kusintha. Pali nchito imene munthu angaibweze, ndipo pali ina imene sangaibweze. Injini yocotsedwa, yothiridwa oilo m'masilinda ndi kufundidwa pouma, ikhoza kudikira zaka makumi awiri kufikira atapezeka wodziwa kuiciza. Yosungunulidwa yapita. Amene anataya anali otsimikiza kuti injini ya Stag njosacizika, pakuti ndimo anali kunenera anthu onse. Ndipo anthu onsewo anali kulakwa. Palibe mbadwo umene udziwa zonse za zinthu zimene uli nazo m'manja, ndipo cifukwa cace munthu wanzeru, poona njira ziwiri zofanana mtengo, asankha imene isiya khomo lotseguka kwa obwera m'mbuyo.

Wina adzatsutsa nati, galimoto ndi yanga, ndinagula ndekha, ndani andiletse? Kunena za lamulo, palibe womletsa. Koma umwini uli pa mitundu. Wogula galimoto yatsopano akaiononga, fakitale ipanga ina mawa. Stag sidzapangidwanso, ciwerengero cace cingathe kucepa koma sicingakule. Galimoto ya 1970 yapita kale m'manja mwa anthu angapo, ndipo ikasamalidwa idzaona maliro a mwini wace wa lero. Iye afanana ndi munthu wolima munda wa makolo: zokolola nzace, adye ndi kukondwa, koma sadula mitengo ya zipatso imene sanabzale cifukwa cakuti yamtopetsa kusesa masamba. Motero ngati buloko liri lamoyo, ndipo thumba lilola popanda kusautsa a m'nyumba, kukonza kuli ndi mphamvu koposa kusintha. Nkocedwa, ndipo nthawi zina nkodula kuposa kugula injini ina. Koma amene anasankha galimoto yokalamba anadziwa cimene anali kulowa. Akulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Nanga buloko likang'ambika kosati nkulumikizika, monga zicitika pisitoni ikathyoka nibowola khoma? Kodi galimoto yafa pamodzi ndi injini yace? Anthu amakonda kunena kuti injini ndiyo mtima wa galimoto, koma a boma ku Britain sanaganize motero. Kwa zaka zambiri ofesi yao yolemba magalimoto inali ndi njira yowerengera mapointi pofuna kudziwa ngati galimoto yosinthidwa kwambiri iyenera kusunga nambala yace yakale ya pa msewu. Panafunika mapointi 8. Cimango ca galimoto, cimene zonse zimangidwapo, cinali ndi 5, giyabokosi 2, ciongolero 2, koma injini inali ndi pointi imodzi yokha.

Bwalo la milandu nalonso linakumana ndi funso la ngalawa ya Theseus maso ndi maso. Panali galimoto ya mpikisano ya Bentley yochedwa Old Number One, imene inapambana pa liwiro la maola 24 la ku Le Mans ku France m'caka ca 1929 ndiponso mu 1930, Woolf Barnato ali mmodzi wa oyendetsa nthawi zonse ziwiri. Pambuyo pace inamangidwanso pa cimango cina, niikidwa injini yaikulu ya malita 8 m'malo mwa yace ya malita 6.5. M'caka ca 1932 inacita ngozi pa bwalo la Brooklands, woyendetsa wace Clive Dunfee nafa, ndipo inamangidwanso kaciwiri. Patapita zaka zambiri kampani ina inapangana kuigula ndi mapaundi 10 miliyoni, koma kenaka inakana, niti galimoto iyi si ija inapambana ku Le Mans, pakuti zitsulo za 1929 zotsalamo nzowerengeka. Mlandu unazengedwa ku London m'caka ca 1990, ndipo woweruza, Justice Otton, anagamula kuti galimotoyo ndi Old Number One ndithu. Cifukwa cace cinali cakuti mbiri yace sinaduke: kusintha kuli konse kunacitika pa galimoto imodzi yomweyo, kunadziwika, ndipo panalibe galimoto ina imene ikadalimbirana nayo dzinalo.

Ciweruzo cimeneci ciunikira nkhani yonse. Ngati cimene cipangitsa galimoto kukhala yomwe ija ndi mbiri yace yosaduka, ndiye kuti injini yatsopano siipha galimoto. Ingoonjezapo mutu wina pa mbiriyo. Cimene cidula mbiri ndi bodza. Ndipo bodzalo liripo. Popeza ogula amalipira ndalama zambiri pa galimoto imene nambala ya injini yace igwirizana ndi zolembedwa za ku fakitale, pali anthu amene amatenga buloko lina, napala nambala yace, nadindapo nambala ya buloko lakufa lija. Galimoto yotere iyenda bwino lomwe, iwala, ndipo mwina palibe adzazindikira. Koma wocita izi waba kawiri. Wabera wogula, amene walipira mtengo wa cinthu cimene sanalandire. Waberanso onse odzabwera, pakuti wasokoneza umboni umene akadadziwira coona. Munthu amene anaika injini ya Ford m'Stag masana, aliyense wotsegula boneti naona, ali wolungama kuposa uyu amene galimoto yace ioneka yangwiro.

Pali kulakwa kwinanso kumene kumabvala nkhope ya ulemu. Ena, atakonza injini yeni-yeni ndi ndalama zambiri, amacita mantha kuiyendetsa, kuopa kuti ingathe. Galimoto imakhala m'nyumba yace yofunda, yopukutidwa, yokwezedwa pa lole popita ku cionetsero. Koma injini yongokhala nayonso imaonongeka: mphira zimauma, oilo amatsika, dzimbiri limalowa m'masilinda. Ndiponso galimoto yaliwiro inapangidwira msewu. Liu lace, kununkha kwace ndi kakokedwe kace pa citunda ndizo zimene mbadwo wa m'tsogolo ufuna kudzadziwa, ndipo izi sizisungika m'galimoto yosalira. Cifukwa cace eni ena a magalimoto a mtengo wapatali amatsitsa dala injini yeni-yeni, naisunga m'bokosi, naikamo ina ya mtundu womwewo yoti aziithamangitsa popanda mantha. Kwa wongomva cioneka ngati misala kukhala ndi injini yabwino yosagwira nchito. Koma munthu wotere wasunga citsulo, wasunganso kuyenda, ndipo sananamize munthu.

Masiku ano funsoli labwera ndi cobvala catsopano, pakuti ena acotsa injini ya petulo naikamo ya magetsi. M'caka ca 2017 kampani ya Jaguar inaonetsa galimoto yace yochuka ya E-type, imene inayamba kupangidwa mu 1961, itaikidwa mota ya magetsi ndi mabatire. Ndiyo imene Prince Harry anayendetsa pa tsiku la ukwati wace mu 2018. Mu 2019 bungwe la FIVA linanena kuti silingalimbikitse kusintha kotere, ndipo linapempha ocita zimenezi kuti asunge zitsulo zonse zocotsedwa, kuti galimoto idzathe kubwezedwa monga inaliri. Amisiri a Jaguar nawonso anali ataganiza comweco: mota ndi mabatire anazipanga za kukula ndi kulemera kofanana ndi injini yakale, nazimanga pa malo omwewo, osadula cimango, kuti tsiku lina munthu akafuna amasule mabauti ndi kubwezeramo injini ya petulo.

Tsono mwini Stag amene makaniko wamuuza kuti buloko lang'ambika ali ndi nchito yocepa yoti acite, ngakhale mtima uwawe. Afune buloko lina la Triumph, kapena, ndalama zikacepa, injini iri yonse imene idzabweza galimoto pa msewu popanda kudula cimango. Alembe tsiku, nambala ya injini yocotsedwa ndi nambala ya yolowa, auze a boma, naike pepalalo pamodzi ndi makalata ena a galimoto. Buloko long'ambika lija alipake oilo, alikulunge, naliike pa matabwa kuseri kwa garaja. Ndipo tsiku logulitsa galimoto alikweze pa lole, lipite nayo kwa mwini watsopano.